Godox TT350S pa Sony a6400: yabwino, koma yang'anani denga la holo yanu

Amene muli ndi kamera ya mirrorless ndipo mukufuna fulashi yosalemetsa dzanja, Godox TT350 ndi yoti mugule, bola mudziwe malo amene mumajambulako kawirikawiri. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa Sony a6400, pa zinkhoswe, maukwati ndi tsiku lolandira madigiri ku UNIMA ku Zomba, ndipo nyengo ya maukwati yathayi yandionetsa zokwanira.

Chinandikokera ku yaing'ono ndi kulemera. Anzanga ambiri ali ndi TT685, fulashi yaikulu ya Godox ya mabatire anayi. Mphamvu ili nayo, sindikana, koma mukaikhazika pa kakamera ngati a6400, mutu umaposa thupi, kamera imangoweramira kutsogolo, ndipo pofika nthawi ya perekaniperekani dzanja limakhala litatheratu. TT350 imalemera pafupifupi magalamu 200 popanda mabatire, ndipo imafuna mabatire awiri okha a AA. M'thumba la jekete imakwanamo.

Musanatumize ndalama, yang'anitsitsani chilembo chakumapeto kwa dzina. S ndi ya Sony, F ya Fujifilm, C ya Canon, N ya Nikon, O ya Olympus ndi Panasonic. Maonekedwe ndi amodzi, koma phazi lake ndi chilankhulo chimene imamvanirana ndi kamera n'zosiyana. Ambirife timaitanitsa kudzera kwa achibale a ku Johannesburg, ndiye ngati mlamu wanu wangonyamula ya C chifukwa ndi imene waipeza m'sitolo, kubweza kwake n'kovuta.

Nkhani yaikulu ndi mphamvu. Guide number yake, nambala yosonyeza mphamvu ya fulashi, ndi 36 pa ISO 100 (ISO ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala), mutu utakokedwa mpaka 105mm, pamene ya TT685 ndi 60. Masamu ake ndi osavuta: gawani 36 ndi aperture yanu, nambala ya f yosonyeza kutseguka kwa lensi. Pa f/4 kuwala kumafika mamita 9 mukaloza molunjika, ndipo mukakweza ISO kufika 400 mtundawo umawirikiza kawiri. Zimamveka zambiri, koma mukatambasula mutu kuti gulu lonse la anamkungwi ndi ankhoswe likwane, mtunda umafupika. Komanso kuloza anthu kumaso molunjika sindimakukonda. Thukuta la mwezi wa Okutobala limanyezimira pamphumi, kumbuyo kwa munthu kumaima chithunzithunzi chakuda pakhoma, ndipo chithunzi chimaoneka ngati cha pa chiphaso.

Ine ndimaloza mutu kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa. Mutuwo umadzuka mpaka madigiri 90 ndi kutembenuka madigiri 270, ndiye ngakhale kamera mwaiimika, khoma lapambali mumalipeza. M'nyumba ya siling'i yoyera, kapena m'chipinda chimene mkwatibwi akuvaliramo, zotsatira zake n'zokoma zedi. Khungu limatuluka mtundu wake weniweni, nsalu za chitenje zosadzimbirira. Mavuto amayamba m'matchalitchi ndi m'maholo athu ambiri a ku Chinamwali kapena ku Matawale, amene denga lake ndi malata okhaokha, ali kutali kumwamba uko. Kuwala kukapita sikubwerera, ndipo ngati mitanda ndi yofiira, kochepa kobwererako kamabwera ndi mtundu wake. M'malo otero ndimasolola kakhadi koyera kamene kali pamutu, ISO ndimaiika pa 1600, n'kuyandikira anthu. Zimatheka, koma apa m'pamene mwini TT685 amandiposa poyera.

TTL, njira imene kamera imayeza yokha mphamvu ya fulashi, imagwira bwino, ngakhale diresi loyera limaisokoneza monga lichitira ndi kamera iliyonse. Imaona kuyera kwambiri n'kuchepetsa kuwala, nkhope ya mkwatibwi n'kuda. Ndimawonjezera pang'ono pa flash compensation, powonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa fulashi, basi. Anthu akaima malo amodzi ndimapita ku manual, kumene mphamvu imayambira 1/1, yomwe ndi mphamvu yonse, kutsika mpaka 1/128.

Chimene sindinkachiwerengera koma chandisangalatsa ndi HSS, njira yolola fulashi kugwira ntchito shutter, chitseko cha kuwala m'kamera, ikuthamanga kwambiri. Paokha a6400 amalola fulashi mpaka shutter ya 1/160 ya sekondi basi, zimene sizithandiza akwati akafuna zithunzi masana ku Botanical Gardens kapena ku damu la Mulunguzi dzuwa lili paliwombo. Ndi HSS ndimathamangitsa shutter kuposa pamenepo, lensi ili chitsegukire, mapiri akumbuyo osapserera, maso a anthu akuoneka. Mphamvu imatsika kwambiri mukatero, ndiye imirirani pafupi, anthu awiri kapena atatu, osati mtundu wonse. Masiku a chiperoni ku Chawe, kukachita nkhungu, kakuwala kochepa chabe kamadzutsa nkhope.

Mabatire musaumire. Gulani a NiMH ochajidwa, awiriawiri angapo. Opanga amati ndi a 2500mAh mumapeza kuthwanima pafupifupi 210 pa mphamvu yonse, ndipo kudikira kwake kumafika masekondi 2.2. Masekondi awiri si kanthu pa chithunzi cha banja, koma akwati akamalowa akuvina mumaphonya sitepe, n'chifukwa chake sindiikweza kupitirira 1/4 pa nthawi imeneyo. Mukaithamangitsa motsatizana pa mphamvu yonse imatentha n'kudziteteza pochedwetsa. Mabatire a tochi a pamsika aja, iwalani, sachedwa kufooka. Pali mng'ono wake, V350, wa batire ya lithium, amene amadzaza msanga, koma ine ndinakhalira AA chifukwa magetsi akazima usiku wa Lachisanu, m'mawa ndimangogula a alkaline m'tauni n'kukagwira ntchito.

M'kati mwake muli wailesi ya 2.4GHz, yomwe imamvana ndi mafulashi ena a Godox. Ndikabwereka TT685 ya mnzanga, ndimaiimika pakona ya holo, kaing'onoka kali pa kamera kakuilamula. Mukadzagula yaikulu, iyi siidzakhala yotaya.

Mabatani ndi aang'ono, a zala zonenepa azolowere. M'bokosi mumapezanso kathumba, kachoimikira ndi kachivindikiro kofewetsa kuwala.

Wojambula ana, zinkhoswe za pakhomo, mapwando a m'nyumba ndi akwati panja, iyi ikukwanirani. Ngati Loweruka lililonse muli m'holo yaikulu ya malata ndi gulu la anthu mazana, onjezerani ndalama mugule yaikulu, kapena mukhale nazo zonse ziwiri.