Caustic soda wotsegulira mapaipi: amathana ndi mafuta ndi tsitsi, koma malangizo ake ndi operewera

Mankhwala otsegulira mapaipi amene ndikuwunika pano amagulitsidwa ngati timibulu toyera m'botolo la pulasitiki, ndipo kwenikweni ndi sodium hydroxide, alikali (mankhwala otsutsana ndi asidi) wamphamvu amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti caustic soda. Magalamu 40 okha akasungunuka m'lita imodzi ya madzi, pH ya madziwo (nambala yosonyeza mphamvu ya asidi kapena alikali) imafika pa 14, kumapeto kwenikweni kwa muyeso umene umayambira pa 0, pamene madzi abwino amakhala pa 7.

Pa ntchito imene anawapangira, mankhwalawa sakhumudwitsa. Sinki yakukhitchini nthawi zambiri imatsekeka ndi mafuta amene aundana m'paipi, ndipo alikali akakumana ndi mafuta amawasandutsa sopo ndi glycerol, zinthu zimene madzi amatha kuzikokolola mosavuta. Umu ndi mmenenso opanga sopo akhala akupangira sopo kuyambira kalekale, kungoti pano sopoyo akupangidwira m'kati mwa paipi. Ku bafa vuto limakhala tsitsi, ndipo mapuloteni ake amaduka akakhala nthawi m'madzi a alikali, mpaka mfundo yonse imafewa n'kutsika. Timibuluti tikamasungunuka timatulutsanso kutentha kochuluka, kumene kumathandiza kusungunula mafuta, ngakhale kuti kutentha komweko kungafewetse mapaipi opyapyala a pulasitiki ngati munthu wathira mankhwala opitirira muyeso. N'chifukwa chake timibulu timathiridwa pang'onopang'ono m'madzi ozizira; kuthira madzi pa mulu wa timibulu kumachititsa kuti awire n'kuthovukira kumaso.

Chimene sindikugwirizana nacho ndi mawu a pa botolo, amene akupereka chithunzi chakuti mankhwalawa amachotsa chilichonse chotseka paipi. Zoyerayera zolimba zimene madzi okhala ndi laimu amasiya m'mipope ndi m'maketulo ndi calcium carbonate, ndipo alikali sachita nazo kanthu ngakhale atakhalapo usiku wonse. Zimenezi zimafuna asidi: hydrochloric acid ikazikhudza zimachita thovu, chifukwa pakutuluka mpweya wa carbon dioxide, ndipo chotsala ndi madzi ndi calcium chloride amene amasungunuka. Koma munthu asaganize kuti angathire asidi ameneyu m'paipi mmene muli kale caustic soda kuti ntchito ziwiri zitheke nthawi imodzi. Ziwirizi zimafafanizana mphamvu n'kusanduka mchere wamba ndi madzi, ndipo zimatero mwaukali, zikutentha ndi kulavulira kunja. Choopsa kuposa apa ndi asidi kukumana ndi mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi sodium hypochlorite, chifukwa pamatuluka mpweya wa chlorine umene umawononga mapapo.

Chenjezo la aluminiyamu lalembedwa ndi tizilembo tating'ono kwambiri, pamene linayenera kuonekera patali. Zitsulo zambiri zimadyedwa ndi asidi koma zimapirira alikali. Aluminiyamu ndi zinc zimadyedwa ndi zonse ziwiri. Caustic soda amasungunula kakhungu koteteza kamene kamakhala pamwamba pa aluminiyamu, kenako amadya chitsulocho n'kutulutsa mpweya wa hydrogen, umene suchedwa kuyaka ukakumana ndi moto. Choncho poto wa aluminiyamu kapena ndowa yokutidwa ndi zinc si zosungunuliramo mankhwalawa.

Pa khungu, alikali ndi wachinyengo kuposa asidi. Poyamba munthu amangomva kuterera m'zala, osadziwa kuti mafuta a pakhungu lake ndi amene akusanduka sopo, ndipo ululu umabwera mankhwala atalowa kale m'kati. Magolovesi a labala ndi magalasi oteteza maso ndi zofunika, ngakhale kuti sizibwera pamodzi ndi botolo. Mankhwalawa akadonthera m'diso, munthu atsuke ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, kenako apite kuchipatala, ndipo asayesere kuthirapo viniga.

Chivindikiro ndachikonda, chifukwa mwana sangachitsegule ndipo chimatseka mpweya bwino. Zimenezi n'zofunika popeza sodium hydroxide amakoka chinyezi ndi carbon dioxide mumpweya, n'kuyamba kumatana ndi kusanduka sodium carbonate amene mphamvu yake ndi yochepa. Kwa amene sinki yake yatsekeka ndi mafuta kapena tsitsi, ndikuvomereza mankhwalawa. Amene paipi yake yatsekeka ndi mchenga, nsanza kapena laimu angowononga ndalama, ndipo ndi bwino aitane pulambala.