Miyala ya nsangalabwi: pakhonde inde, pa maziko ayi

Ndinagula ngolo imodzi kwa bambo wina wogulitsa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Ndi ija ophunzira amati conglomerate: nsangalabwi zosalala, zina ngati nzama, zina ngati dzira la nkhuku, zomwe madzi anazigubuduza kalekale, kenako mchenga ndi dothi zinazimata n'kukhala mwala umodzi. Pakhoma la khonde langa yakongola zedi, mlendo aliyense amayamba waisisita asanakhale pansi.

Koma amisiri atamenya umodzi ndi hamala, nsangalabwi zinangoyoyoka ngati chimanga chotongola. "Achimwene, iyi pa maziko ayi," anatero. Ndinachita kukagulanso miyala ya kwale. Wogulitsayo sanandichenjeze, komanso ngoloyo sanaidzaze bwinobwino.