Zilumba za ku Greece: ulendo wa cruise ndi ulendo wa sitima wamba, momwe ndinazionera

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndiye za sitima sindinaziyambire ku Ulaya kuno. Masiku amenewo Ilala ikafika inkaima patali, ife n'kukwera kaboti, madzi ali m'mawondo, katundu ali pamutu. Ku Likoma ndinafikako kamodzi ndi agogo anga, ndipo chimene ndimakumbukira kwambiri si tchalitchi chachikulu cha St Peter chija, koma fungo la usipa ndi dizilo usiku wonse. Zaka zapita, tsopano ndimagwira ntchito ya unamwino ku Leeds, ndipo zilumba za ku Greece ndaziyenda kawiri m'njira ziwiri zosiyana. Anzanga kutchalitchi amandifunsa kuti njira yabwino ndi iti, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Ulendo woyamba unali mu September 2023, masiku asanu ndi awiri pa sitima ya cruise (sitima yaikulu ya alendo okaona malo, yogonamo ndi kudyeramo), ine ndi achemwali anga aakulu. Iwowa mawondo anawavuta kalekale, ndipo ndi amene anasankha. Sitima inanyamukira ku Piraeus, doko la mzinda wa Athens, n'kudzera ku Mykonos, Kusadasi m'dziko la Turkey, Patmos, Rhodes, Crete ndi Santorini. Dzina la kampani ndalisiya dala.

Zabwino zake ndizinena mosabisa. Sutikesi mumaitsegula kamodzi basi, zovala n'kuzipachika, osadzaigwiranso mpaka tsiku lotsika. Mumagona muli pa chilumba china, mukadzuka muli pa china. Kachipinda kathu kanali kam'kati, kopanda zenera, moti ukazimitsa magetsi sudziwa ngati kunja kwacha, koma kanali kaukhondo, ndipo mnyamata wa ku Philippines amene ankatisamalira anagwira dzina la achemwali tsiku loyamba lomwelo. Atawaona akutsimphina, anawabweretsera madzi oundana oika pa bondo popanda kumupempha. Chakudya ndiye musanene. Chodzigawira wekha, m'mawa, masana, madzulo, ngakhale pakati pa usiku. Achemwali anadya mpunga ndi nsomba tsiku lililonse, n'kumati chingosowa ndi nsima yokha.

Ndipo pali tsiku limodzi limene sindingalinyoze. Ku Patmos, chisumbu chija timachiwerenga m'buku la Chivumbulutso, basi inatitenga kuchokera pa doko la Skala kukwera phiri mpaka ku phanga limene amati Yohane analemberamo masomphenya ake. Pamwamba pake pali nyumba ya amonke imene inayambika mu 1088, yooneka ngati linga. Achemwali analowa m'phangamo, nagwira thanthwe, misozi ili chuchuchu. M'mawa wa tsiku lomwelo tinali titayenda m'mabwinja a ku Efeso, pafupi ndi Kusadasi, kumene Paulo anakhalako. Munthu wa mawondo otere, malo awiriwa sakanawaona pa tsiku limodzi pakanapanda sitima imeneyi. Patmos ilibe bwalo la ndege, ndipo kuchokera ku Piraeus pa sitima wamba ndi ulendo wa maola ambiri.

Koma ine ndinabwerako ndili ndi njala ya zilumbazo. Paja amati mlendo ndi mame, ndiye mlendo wa cruise ndi mame a mwezi wa October, dzuwa likangotuluka palibe. Pa doko lililonse amakuuzani nthawi yoti aliyense akhale atabwerera, ndipo mukachedwa muli panokha sitima siidikira. Ndiye munthu umayenda diso lili pa wotchi. Ku Mykonos ndinaona timisewu toyera tija, matchalitchi ang'onoang'ono, ndi anthu anzanga a m'sitima momwemo, amene ndinali nawo pa mzere wa mazira m'mawa. Kulikonse kumene ndinalowera, tinali ife tomwe.

Ku Santorini ndiye kunali kuona zakuda. Sitima zikuluzikulu sizikocheza kumeneko, zimaima pakati pa madzi, m'chigwa chimene phiri lamoto linasiya litaphulika zaka zoposa 3,500 zapitazo. Amakutsitsani pa maboti, ndipo ndinaseka ndekha kuti ndawoloka nyanja zonsezi kudzapeza za Ilala zomwe zija. Amene anagula ulendo wokonzedwa ndi a sitima ndi amene amayamba kutsika, ndipo amawapititsa ku doko lina kumene mabasi akuwadikira. Ife otsala anatisiya pa doko lakale, m'munsi mwa tauni ya Fira. Kuchokera pamenepo njira ndi zitatu: cable car (tingolo toyenda m'mwamba pa chingwe), masitepe pafupifupi 600, kapena bulu. Tsiku limenelo panali sitima zinayi. Pokwera tinadikira, koma pobwerera mzere unachita kukhota m'misewu, dzuwa likuswa mtengo, achemwali atatsamira khoma. Ndinaganiza zotsika wapansi, koma masitepewo ndi oterera, ndowe za abulu zili mbwee.

"Iwe pita, ine undisiye pompano," anatero achemwali.

"Ayi achemwali, sitima ikatisiya itisiye tonse."

Tinafika pa boti lomaliza kupatula limodzi. Ku mudzi wa Oia, kumene anthu amajambulirako dzuwa likamalowa, tinangokhalako mphindi zosakwana makumi anayi, masana, tikukankhana ndi anthu. Anthu a pachilumbacho nawonso anatopa nazo. Boma la Greece linayamba mu 2025 kulipiritsa mayuro 20 kwa munthu aliyense wa cruise wotsikira ku Santorini kapena ku Mykonos m'nyengo ya alendo ambiri, ndipo ku Santorini anaika malire a anthu a cruise 8,000 pa tsiku.

Usiku womaliza anatilowetsera pepala pansi pa chitseko. Mkati mwa sitima simugwira ndalama, amakupatsani kakhadi, kamene kali kiyi wa chipinda komanso chikwama chanu. Mukamwa chakumwa, kakhadi. Intaneti, kakhadi. Pamwamba pake pali ndalama ya ogwira ntchito imene amaionjezera tsiku ndi tsiku pa munthu aliyense. Zinalembedwa ndithu pa mapepala ogulira, ine ndi amene sindinawerenge timalemba tating'onoto. Achemwali anavala magalasi, nayang'ana pepalalo kawiri.

"Kodi si paja unati tinalipiriratu zonse?"

Ndinalibe poyankha. Ogwira ntchito aja ndalamayo amaiyenera, ndinawaona momwe amakhetsera thukuta. Chimene chinandiwawa ndi maulendo a pamtunda ogulitsidwa m'sitima, amene mtengo wake ukauphatikiza umayandikira wa chipinda. Ndipo foni muziizimitsa data mukakhala pakati pa nyanja, chifukwa imakalumikiza ku netiweki ya m'sitima, yodula koopsa.

Mu July 2024 ndinabwererako ndi amuna anga, ulendo uno patokha, masiku khumi. Tinagona ku Athens, m'mamawa n'kukwera sitima yapamtunda ya mumzinda mpaka ku Piraeus. Sitima wamba ya kampani ya Blue Star yopita ku Paros, Naxos ndi Santorini imanyamuka cha m'ma 7 koloko m'mawa, ndipo tinagula matikiti otsika mtengo, opanda mpando wa nambala. Sutikesi mumaisiya pansi pamene pamakhala magalimoto, pa mashelefu, popanda wokupatsani risiti. Amuna anga mtima sunakhale m'malo, anatsika kawiri kukaisuzumira. Ife tinakhala panja kumbuyo, pa mipando ya pulasitiki, pafupi ndi agogo ena amene anali ndi kambalame m'khola ndi asilikali achinyamata akusewera makhadi. Apa mpamene ndinamva kuti ndili pa ulendo. Sitima imeneyi ndi basi ya anthu a kumeneko, imanyamula malole a simenti ndi zakudya, ndipo mlendo amangokwera nawo.

Kutsika kwake n'kwa chipwirikiti. Sitima isanaime amakuitanirani pansi, chitseko chachikulu chakumbuyo chimayamba kutsika mukuona, mphepo n'kulowa, mawenzulo akulira. Otsika akutsika, okwera akukwera, malole akutuluka, zonse m'mphindi zochepa. Amene anazolowera depoti ya ku Lilongwe savutika. Koma ndinaganiza za achemwali, ndipo ndinadziwa kuti pamenepa akanagwa.

Ku Paros tinafika patatha maola anayi, tinagonako masiku atatu, tsiku lina n'kuwolokera ku Antiparos pa kasitima ka mphindi khumi. Koma mtima wanga unatsalira ku Naxos, chilumba chachikulu kuposa zonse za m'gulu la zilumba lotchedwa Cyclades, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera ku Paros. Cruise yathu ija inangochidutsa usiku. Mukamalowa pa doko mumaona chipata chachikulu cha miyala chili chokhachokha pa kaphiri, chotchedwa Portara, chotsalira cha kachisi wa Apollo, mulungu wa Agiriki akale, amene anayamba kumangidwa cha m'ma 530 BC koma sanathe. Tinkapitako madzulo aliwonse, ulere, popanda wotithamangitsa.

Chipinda tinachita lendi kwa mayi wina wachikulire amene Chingerezi chake chinali mawu asanu, ine Chigiriki changa mawu awiri. Tsiku lachiwiri anatisiyira mbale ya tomato pakhomo. Tsiku lachitatu anandikokera kukhitchini kwake kuti ndione momwe amaphikira masamba a kutchire, owiritsa n'kuthira mafuta ndi ndimu. Ndinalawa ndipo ndinati mumtima, ichi ndi chisoso basi, changosowa nsinjiro. Naxos ndi dziko la alimi, amalima mbatatesi yotchuka m'Greece monse, amaweta ng'ombe ndi mbuzi, amapanga tchizi chotchedwa graviera. Tinakwera basi wamba ya KTEL kupita kumapiri, kudutsa Halki ndi Filoti m'munsi mwa phiri la Zas, lotalika mamita opitirira pang'ono 1,000, mpaka ku mudzi wa Apeiranthos kumene ngakhale tinjira ta pakati pa nyumba ndi ta mwala wa marble. Basi yobwerera tinaiphonya chifukwa cha nyama ya mbuzi imene inachedwa kupsa. Tinangoitanitsa khofi n'kudikira ina.

Tsono mphepo. Kwathu kunyanja timaopa mwera, kumeneko amaopa mphepo ya kumpoto yotchedwa meltemi, imene imalimba mu July ndi August. Ine pofuna kuchenjera ndinagula tikiti ya sitima yaing'ono yothamanga kuchokera ku Naxos kupita ku Santorini. M'mawa wake uthenga unalowa pafoni kuti siinyamuka. Zikuluzikulu zoyenda pang'onopang'ono zimapirira mafunde, zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kuimitsidwa. Yaikulu ya tsiku limenelo inali itadzaza, tinapeza malo pa ya mawa lake. Ndalama ya tikiti anatibwezera, koma chipinda cha ku Santorini chimene tinalipiriratu chinagona chokha, ndipo ku Naxos tinalipira usiku wina. Panalibe wotithandiza, ndinayenda ndekha m'maofesi a matikiti, amuna anga akulondera masutikesi, nkhope ili gwa. Pa cruise vuto lotere ndi la kapitawo wa sitima, inu mumangouzidwa pa chimkuzamawu kuti lero doko lasintha.

Santorini yachiwiriyi inali dziko lina. Sitima wamba zimakocheza pa doko la Athinios, basi n'kukwera nanu msewu wokhotakhota. Tinadzuka 6 koloko m'mawa n'kuyenda wapansi m'mphepete mwa phompho kuchokera ku Fira kupita ku Oia, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, tikukumana ndi amphaka ndi anthu osesa okha. Cha m'ma 9 tinayang'ana pansi n'kuona sitima zitatu zitaima, maboti ali piringupiringu. Ife tinatembenukira kum'mwera, ku Akrotiri, mzinda wakale umene unakwiririka ndi phulusa la phiri lija, nyumba zosanjikizana ndi ngalande za madzi zikuonekabe.

Za ndalama, musanamizidwe kuti kuyenda panokha n'kotchipa nthawi zonse. Ku Paros ndi ku Naxos tinawononga zochepa, chifukwa masana tinkadya gyros (nyama yootcha yokulunga m'buledi) ya mayuro ochepa ndipo m'mawa tinkagula buledi ndi zipatso. Usiku umodzi wa ku Santorini unadya ndalama za masiku atatu a ku Naxos. Nditawerengetsa zonse, ndege, zipinda, matikiti, ndi usiku wotayika uja, pa tsiku limodzi maulendo awiriwa sanasiyane kwambiri.

Kwa ife a pasipoti ya Malawi pali nkhani ya viza ya Schengen, yolowera ku Greece ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, ngakhale mukhale ndi chilolezo chokhala ku Britain. Mtengo wake unakwera kuchoka pa mayuro 80 kufika pa 90 mu June 2024. Ngati cruise yanu ikudzera ku Turkey, ndiye kuti mukutuluka n'kulowanso, choncho pemphani viza yolowera kangapo, ndipo a kampani akulembereni zimene akufuna musanalipire. Ulendo wa patokha umafuna kuti muonetse pogona pa usiku uliwonse, zimene zimachotsako ufulu uja wongodzuka n'kusankha chilumba.

Munthu wachikulire, wovutika kuyenda, kapena amene akufuna kuponda malo a m'Baibulo ambiri pa sabata imodzi, ndingamuuze kuti akwere cruise, ndipo ku Santorini agule ulendo wa a sitima ngakhale ndi wodula. Ine ndekha sindidzakweranso. Ndidzatenga zilumba ziwiri zokha, pa sitima yaikulu yoyenda pang'onopang'ono, mu June kapena September, ndipo ndidzabwerera ku Athens kutatsala tsiku lathunthu kuti ndege inyamuke.

Achemwali ndinawaonetsa zithunzi za ku Naxos, mbale ya tomato ija, mbuzi, chipata cha miyala. Anaziyang'ana bwinobwino, kenaka anafunsa kuti masutikesi ankatinyamulira ndani. Nditawauza kuti tokha, anandibwezera foni.