Mashoko akutsogolo kwa pikapu: pamzere wapansi kapena wapamwamba?

Mashoko osinthika ngati Bilstein 5100 amakhala ndi timizere pathupi pake. Makaniko akaika circlip (kamphete kachitsulo kolowa m'mzeremo) pamzere wapamwamba, mbale yokhalapo sipuling'i imakwera ndipo mphuno ya galimoto imadzuka. Akaika pansi, galimoto imatsala pafupi ndi mmene inachokera kufakitale, kumbuyo kuli kokwererapo pang'ono.

Wapamwamba amaukonda ambiri chifukwa Hilux imaoneka yoima bwino, komanso pansi sipagunda miyala mukamalowa misewu yadothi ya ku Machinjiri kapena Bangwe nthawi ya mvula. Izi n'zoona. Koma pali mtengo wake. Tayala limatsala ndi mpata wochepa wotsikira m'dzenje, ndiye mumamva kugogoda mukadumpha hampu. Pa 4x4 ma CV joint (mfundo za zitsulo zozungulitsa matayala akutsogolo) amagwira ntchito atapendekeka kwambiri, mphira zake zimang'ambika msanga, ndipo ma ball joint (mfundo zimene tayala limakhoterapo) amatopa. Mukapanda kuchititsa alayimenti mukangokweza, matayala amadyeka mbali imodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi katundu. Kukwera kwa kumbuyo kuja a kufakitale anakuikira dala. Mukalonga matumba 10 a simenti ku Limbe, makilogalamu 500, kumbuyo kumatsika ndipo galimoto imalingana. Ngati kutsogolo munakweza kale, mphuno imaloza kumwamba, chiwongolero chimapepuka, ndipo usiku magetsi amathobwa anzanu m'maso pa Chipembere Highway. Potsetsereka ku Thabwa popita ku Chikwawa simungafune zimenezo.

Wonyamula katundu, ine ndimamulangiza mzere wapansi. Amene anamanga bampala yachitsulo ndi winchi (makina okokera galimoto ndi chingwe), akweze mzere umodzi kuti abweze zimene kulemerako kwatsitsa.