Phukusi lotchukitsa buku limene amagulitsa pa foni: taliunika, si logula

Foni imalira patangopita masabata angapo buku lanu litatuluka pa Amazon. Woimbayo amakutchulani dzina lonse ndi mutu wa bukulo, kenako amati gulu lawo lofufuza mabuku lasankha lanu pakati pa ambirimbiri. Amayankhula mwaulemu kwabasi. Chimene akugulitsa ndi phukusi lotsatsa malonda la madola masauzande angapo, ndipo mtengo wotsitsawo akuti utha Lachisanu. Mayina a makampani oterewa amasintha ngati zovala, koma katundu wake ndi yemweyo, choncho pano taunika katunduyo.

Tiyambe ndi masamu. Buku la pa Kindle (la Amazon lowerengera pa foni kapena pa kompyuta) la mtengo wa pakati pa $2.99 ndi $9.99 limapatsa mlembi 70 peresenti. La $3.99 limakusiyirani pafupifupi $2.70 akachotsa kandalama kotumizira fayilo. Tiyerekeze kuti phukusi mwagula $2,000. Pafunika makope oposa 740 kuti mungobweza zimene mwalowetsa, phindu lisanayambe. Mufunseni woimbayo kuti akutchulireni buku limodzi lokha limene iwo analitsatsa n'kugulitsa makope ochuluka choncho. Amayamba kunena zoti kutchuka sikuwerengedwa ndi manambala.

Za m'phukusimo zambiri amachitadi, ndipo apa m'pamene amagwirira anthu m'maso. Uthenga wa kwa atolankhani amaulembadi, n'kuutumiza ndi makina ku mawebusayiti mazana amene salowako munthu. Mumalandira lipoti lodzaza zizindikiro za manyuzipepala akuluakulu, koma palibe mtolankhani amene anauwerenga. Ma imelo opita kwa "owerenga miyandamiyanda" amapita ku maadiresi ogula, ambiri akufa kale. Kavidiyo ka buku ndi zithunzi zotola pa intaneti zoikidwa nyimbo, ntchito ya masana amodzi.

Chimene chimakoka mtima kwambiri ndi chiwonetsero cha mabuku cha ku Frankfurt, chomwe chimachitika mu Okutobala, kapena cha ku London. Ziwonetserozi n'zenizeni ndipo n'zazikuludi. Koma ndi msika wa ofalitsa mabuku ndi ma ejenti (oimira alembi pa malonda a mabuku awo), amene amagulitsana ufulu womasulira ndi wosindikiza, pa misonkhano ya theka la ola yokonzedwa miyezi ingapo m'mbuyo. Mkonzi wa kampani yaikulu sayendayenda m'mashelefu kusakasaka buku lachilendo. Lanu limaikidwa pa shelefu limodzi ndi ena mazana, wina amalijambula, chithunzicho amakutumizirani. Mwagula chithunzi.

Choopsa kuposa zonse ndi chimene amachitcha kusindikizanso. Amati chikuto chanu n'chosaoneka bwino, kapena kuti ofalitsa akuluakulu safuna buku la ISBN (nambala yozindikiritsa buku pa msika) yaulere, ndiye alitulutsenso mwatsopano. Likatuluka kudzera mu akaunti yawo ya KDP (njira ya Amazon yodzitulutsira buku wekha) kapena ya IngramSpark (kampani ina yochita zofananazo), ndalama zonse za malonda zimayamba zafika kwa iwo, inu n'kumadikira lipoti limene simungalitsimikize. Ndemanga za owerenga zimene munasonkhanitsa zimatha kutsalira pa buku lakale. Kampaniyo ikatseka, fayilo ndi chikuto zimapita nayo, ndipo kuchotsa bukulo pa msika kumakhala chintchito poti akaunti si yanu. Komatu kuika buku pa KDP n'kwaulere, ISBN amaperekanso yaulere. IngramSpark inachotsa ndalama yoikira buku mu 2023. Ku America, ISBN yanuyanu kwa Bowker, kampani yogulitsa ma ISBN kumeneko, ndi $125, ndipo kulembetsa umwini wa buku ku Copyright Office ndi $45 kapena $65 malinga ndi mtundu wa fomu. Aliyense wotchula madola mazanamazana pa zinthu zimenezi akukudyerani masuku pamutu.

Mukalipira koyamba, foni yachiwiri siichedwa. Tsopano ndi "ejenti" amene akuti kampani yaikulu yofalitsa mabuku ya HarperCollins kapena ya mafilimu ya Netflix yachita chidwi, ndipo pali kontrakiti ya ndalama zankhaninkhani, kungoti pakufunika kaye sewero lolembedwa mwaukatswiri, inshuwalansi ya buku, kapena chilolezo chogulitsira kunja. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ejenti weniweni satenga kanthu mpaka atagulitsa buku, ndipo gawo lake ndi 15 peresenti, kapena 20 pa za kumayiko ena. Wopanga mafilimu akafuna nkhani yanu ndiye amalipira inu kuti amusungire ufuluwo kwa chaka kapena kupitirira pang'ono, ndipo wolemba sewero amamupeza yekha. Inshuwalansi ya buku ndi chilolezo chogulitsira kunja n'zinthu zongopeka.

Utambwaliwu uli ndi mbiri yake. Writer Beware, gulu lochenjeza alembi limene Victoria Strauss ndi A. C. Crispin anayambitsa mu 1998, lakhala likusonyeza kuti makampani ambiri oterewa amaimba kuchokera ku Philippines, makamaka ku Cebu, ngakhale adiresi yawo ndi nambala ya foni zimaoneka za ku America. Ambiri anayambitsidwa ndi anthu amene anaphunzira kugulitsa pa foni akugwira ntchito ku makampani osindikiza mabuku molipiritsa mlembi. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linalengeza mlandu wa anthu atatu okhudzidwa ndi PageTurner Press and Media, powaganizira kuti anabera alembi oposa 800 ndalama zokwana pafupifupi $44 miliyoni, ambiri mwa iwo achikulire. Amazon nayo mu 2023 inasumira anthu amene ankatsegula mawebusayiti onamizira kuti ndi nthambi yake yofalitsa mabuku. Nambala yanu oimba foniwa savutika nayo: ili pa webusayiti yanu, pa Facebook, kapena pa mndandanda wa makasitomala a kampani ina imene munalipirapo kale.

Kuwayesa sikutenga ola. Onani adiresi ya imelo chilembo ndi chilembo. Wogwira ntchito ku kampani yaikulu yofalitsa mabuku ngati Penguin Random House salemba kuchokera pa Gmail, ndipo akathyali amakonda kuwonjezera chilembo chimodzi kapena kamzere m'dzina la kampani yeniyeni. Fufuzani pa WHOIS (kaundula wa mayina a mawebusayiti wopezeka pa intaneti) tsiku limene webusayiti yawo inalembetsedwa: kampani yoti yatumikira alembi zaka khumi koma webusayiti ya miyezi isanu yadziulula yokha. Kenako tengani mabuku atatu mwa amene akudzitama nawo, muwapeze pa Amazon, muone nambala ya mulingo wa malonda m'munsi mwa tsamba. Ikakhala m'mamiliyoni, bukulo limatha masabata kapena miyezi osagulidwa. Lembani dzina la kampaniyo pa Google limodzi ndi mawu akuti Writer Beware. Kale kufunsa woimbayo dzina la mtengambali wamkulu kunali kokwanira kumugwira, koma masiku ano ma imelo ambiri amalembedwa ndi AI kuchokera pa mawu a kuseri kwa chikuto, ndipo amayamikira mogwira mtima. Funsani za mutu womaliza, zimene sizipezeka pa tsamba la malonda.

Kunena mwachilungamo, akatswiri otsatsa mabuku enieni alipo, ndipo nawo salipiritsa pang'ono. Kusiyana kwake n'koti mumawafunafuna ndinu, amalemba bwinobwino zimene achite ndi nthawi yake, salonjeza chiwerengero cha malonda, ndipo amatha kukukanani ngati buku silikuwayenera. Amene ali ndi ndalama zochepa angayese yekha malonda a pa Amazon kapena pa Facebook ndi madola asanu pa tsiku kwa masabata awiri, akuona kuti odina ndi angati ndipo ogula ndi angati. Zikapanda kuyenda amazimitsa tsiku lomwelo.

Ngati mwalipira kale, njira yolipirira ndiyo inena zambiri. Ndalama ya pa khadi la ngongole mukhoza kuitsutsa ku banki, koma nthawi yake ndi yochepa (lamulo la ku America limapereka masiku 60 chitulukireni sitetimenti), ndiye musadikire malonjezo oti abweza mwezi wamawa. Yotumiza mwachindunji ku akaunti yawo, ya pa Zelle (njira ya ku America yotumizirana ndalama pa foni) kapena ya Bitcoin kawirikawiri yalowa m'madzi, n'chifukwa chake amaumirira njira zimenezo. Sungani kontrakiti, ma imelo ndi malisiti. Ngati munawapatsa mawu achinsinsi a KDP, asintheni lero ndipo muone ngati akaunti ya banki yolandirira ndalama idakali yanu. Pakapita miyezi ingapo mudzalandira foni ina, ya "loya" kapena "wofufuza" wolonjeza kukubwezerani zimene munataya mukangolipira kandalama kotsegulira fayilo. Nthawi zambiri amakhala anthu omwewo, kapena anzawo amene anagula dzina lanu kwa iwo.