Silicon nitride ndi aluminium titanate: ndi iti imapirira aluminiyamu wosungunuka?

Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo akatero amakhala waukali. Paipi yachitsulo ikaviikidwamo imadyeka pang'onopang'ono, chitsulocho n'kusakanikirana ndi aluminiyamu n'kumuwononga. Njerwa za silika nazo sizipulumuka, chifukwa aluminiyamu amalanda okosijeni wa silikayo, pakhoma n'kumera chikhakha cholimba chimene chimang'amba njerwa. N'chifukwa chake mafakitale amathamangira ku silicon nitride ndi aluminium titanate, mitundu iwiri ya seramiki (zinthu zoumba n'kuziwotcha ngati mbiya), zomwe aluminiyamu samamatirako kwenikweni. Amangotsetsereka ngati madzi pa tsamba la koko.

Silicon nitride ndi yolimba zedi. Mpope wake umapirira kugundidwa, kupalidwa poyeretsa, ngakhale kutulutsidwa m'ng'anjo n'kubwezedwamo tsiku ndi tsiku. Imadutsitsanso kutentha bwino, motero ndi yoyenera kuvindikira zoyezera kutentha ndi zotenthetsera zoviikidwa mu aluminiyamu wosungunuka. Vuto ndi mtengo, ndi yodula.

Aluminium titanate ndi yosiyana m'njira yochititsa chidwi. Mkati mwake muli timing'alu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti ndi timene timaiteteza: ikatenthedwa sifufuma kwenikweni, choncho siphulika ikakumana mwadzidzidzi ndi aluminiyamu wamoto. Imasunganso kutentha, aluminiyamu sazizira msanga akamadutsa. Koma timing'alu tomweti timaifooketsa. Wantchito akaimanga mothina kwambiri, imasweka. Ikakhalitsa pamwamba pa madigiri 800 imayamba kugawikana, pokhapokha atathiramo mankhwala monga magnesium oxide.

Ine pa mpope wokwezera aluminiyamu m'chikombole, wogwiridwagwiridwa kawirikawiri, ndingalipire silicon nitride. Titanate ndingaiike pa timilomo tothirira, pamene palibe choigunda.