Miyezi 20 chichitireni opaleshoni yochepetsa thupi: za shuga wa m'magazi

Ndinachitidwa opaleshoni ya Roux-en-Y gastric bypass, yochepetsa chifu n'kuchilumikiza chapakati pa matumbo aang'ono, ku Johannesburg ndikulemera makilogalamu 128, ndipo lero ndikulemera 86. Sindinadwalepo matenda a shuga, choncho pamene dokotala ankatchula za shuga wa m'magazi, ndinkangoti akunena za anthu ena.

Chaka choyamba chinatha popanda chovuta. M'mwezi wa 14, tsiku lina m'mawa, ndinamwa phala la ufa woyera lothira shuga, ndipo patapita maola awiri ndili kuntchito, manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira linanyowetsa malaya, mawu a mnzanga amene anali pambali panga n'kumamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. Atandibaya chala kuchipatala, kachipangizo koyezera shuga kanaonetsa 2.9 mmol/L (muyeso wa shuga wa m'magazi), pamene madokotala amati shuga akatsika kupitirira 3.0 ndiye kuti zafika poopsa.

Chimene chimachitika n'chakuti chakudya sichikhalitsanso m'chifu, chimangotsikira m'matumbo aang'ono. Shuga amakwera mofulumira, matumbo amatulutsa homoni ya GLP-1 yochuluka, kapamba nayenso amatulutsa insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, yopitirira muyeso, kenaka shuga uja amagwa. Chondidabwitsa chinali chakuti kuyeza magazi kotchedwa HbA1c kunkaonetsa kuti zonse zili bwino, popeza kumangopereka chithunzi cha shuga wa miyezi itatu pamodzi. Zoona zake zinaoneka nditavala FreeStyle Libre, kachipangizo koyeza shuga usana ndi usiku n'kumaonetsa zotsatira ngati mzere, pamkono kwa masiku 14: ndikadya nsima, mzere unkakwera kufika pa 11 m'mphindi 40 n'kutsika kupitirira 4 maola awiri asanathe, koma ndikadya mazira, nyemba kapena nsomba, unkayenda mosadumphadumpha.

Tsopano ndimadya kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono. Ndimayamba ndi ndiwo, mtanda wa nsima ndi theka lokha, wamgaiwa, ndipo madzi ndimamwa patapita mphindi 30. Thobwa ndinasiyiratu, ngakhale kuti kulikana pamaso pa achibale kumandivutabe. Dokotala anandipatsanso acarbose, mankhwala ochedwetsa kugayika kwa zakudya zokhutitsa, ndipo anandichenjeza kuti shuga akatsika ndizimwa mapiritsi a glucose, shuga wolowa m'magazi osadikira kugayidwa, chifukwa mankhwalawa amachedwetsanso shuga wamba wa mu tiyi.

Opaleshoniyo sindikunong'oneza nayo bondo, pakuti mawondo anasiya kupweteka ndipo kuthamanga kwa magazi kunatsika. Chimene chimandiwawa n'chakuti sindinafunse mokwanira za vutoli, lomwe kawirikawiri limayamba chaka chitatha, munthu atayamba kale kutayirira. M'miyezi itatu yapitayi shuga wanditsika kawiri kokha, ndipo sindiliza galimoto ndisanayeze.